Mmene ungawerengere mapepala a Rajkumar pa PubMed

Mphwanga, wadzuka bwanji? Uthenga wako ndaumva. Wati aliyense m'kalasi mwanu asankhe wofufuza mmodzi wa multiple myeloma, khansa ya m'mafuta a m'mafupa, n'kufotokoza ntchito yake, ndipo iwe watenga S. Vincent Rajkumar wa ku Mayo Clinic, ku Rochester, Minnesota. Wasankha bwino. Koma zoti ukayamba ndi kutchula chiwerengero cha mapepala ake, zimenezo ayi. Munthu ameneyu dzina lake lili pa mapepala mazanamazana, ndipo nambalayo siuza munthu chilichonse chokhudza wodwala amene wagona pa bedi msana ukumuwawa. Tenga cholembera, ndiyankhula motalikirapo.

Lowa pa PubMed, tsamba la pa intaneti lofufuzirapo mapepala a zachipatala, ulembe Rajkumar SV, kenako myeloma. SV ameneyo usamuiwale, poti a Rajkumar ndi ambiri, ena ndi a mano, ena a mtima. PubMed imayamba n'kukuonetsa zimene yaona yokha kuti n'zoyenera, pamene palembedwa Best match paja. Sintha pamenepo kuti mapepala asanjike motsatira deti, ndipo uwawerenge kuyambira akale kubwera kuno. Ukatero, kumanzere kuli timabokosi, chonga pa Randomized Controlled Trial, kafukufuku wogawa odwala m'magulu mwa maere n'kuyerekeza mankhwala. Uona mndandanda wafupika kwambiri. Amene atsalawo ndiwo msana wa ntchito yako. Ma review ndi ma editorial uwaike pambali kaye.

Pa pepala lililonse yang'ana pamene dzina lake lakhala. Likakhala loyamba, nthawi zambiri ndiye anagwira ntchito yaikulu ndi kulemba. Likakhala lomaliza, ndiye mkulu woyang'anira. Likakhala pakati pa mayina 25, n'kutheka kuti anathandiza ndi odwala a pachipatala chake kapena anali m'komiti. Si zoipa, koma usakaime pamaso pa anzako n'kunena kuti "anapeza" pomwe iye anali wa nambala 14.

Uona kuti pali dzina lina limene likuyenda naye pafupifupi paliponse, Kyle RA. Ameneyo ndi Robert Kyle, mkulu wake pa Mayo pomwepo, amene mu 1978 anapereka dzina la MGUS kwa anthu amene magazi awo ali ndi puloteni yachilendo, yonga imene imapezeka mwa odwala myeloma, koma sakudwala. Mu 2002 Kyle anatulutsa mu New England Journal of Medicine zotsatira za anthu 1,384 amene anawalondola kwa zaka zambiri, n'kupeza kuti chaka chilichonse pafupifupi mmodzi mwa 100 amasanduka wodwala myeloma kapena matenda ofanana nayo. Popanda kudziwa zimenezi, theka la mapepala a Rajkumar sungawamvetse, chifukwa funso lake lakhala limodzimodzi: ndani amene tingomuyang'anira, ndani amene tiyambe kumupatsa mankhwala, ndipo timupatse ochuluka bwanji.

Tsono nkhani ya mankhwala imayambira kwina, osati kwa iye. Mu 1999 gulu la Bart Barlogie ku Little Rock, Arkansas, linapereka thalidomide kwa odwala 84 amene mankhwala ena anali atawakanika, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse matenda anabwerera m'mbuyo. Inde, thalidomide yemwe uja analetsedwa mu 1961 atapundula makanda m'mimba. Rajkumar anatenga mfundo imeneyi n'kuiyesa pa odwala atsopano. Pepala lake la mu 2006 mu Journal of Clinical Oncology, odwala 207, linaonetsa kuti thalidomide pamodzi ndi dexamethasone, mankhwala a steroid, inathandiza 63 peresenti, pomwe dexamethasone yekha anathandiza 41 peresenti, koma magazi ankaundana m'mitsempha kwambiri mwa amene analandira thalidomide. Limeneli ulitchule mwachidule, upitirire.

Pamene ndikufuna ukhazikike ndi pa pepala la mu 2010 mu Lancet Oncology, kafukufuku wotchedwa E4A03. Ulipeze lonse, usangowerenga abstract, chidule cha pamwamba chija. Odwala 445 amene anali atangowapeza ndi myeloma anawagawa pawiri. Onse analandira lenalidomide, mphwake wa thalidomide. Kusiyana kunali pa dexamethasone basi. Gulu lina linamwa 40 mg pa tsiku 1 mpaka 4, 9 mpaka 12, ndi 17 mpaka 20, monga mmene madokotala ankachitira nthawi imeneyo. Ukawonkhetsa ndi 480 mg pa masiku 28. Gulu linalo linamwa 40 mg kamodzi pa sabata, 160 mg pa masiku omwewo.

Tsopano mvetsera bwino apa. Ukayang'ana kutsika kwa puloteni m'magazi, chimene amati response, mlingo waukulu unapambana: 79 peresenti, pomwe waung'ono unali 68 peresenti. Munthu wothamanga angatseke pepala pamenepo n'kunena kuti dexamethasone wambiri ndiye wabwino. Koma pita pa tebulo la amene anali moyo chaka chitatha. A mlingo waung'ono, 96 mwa 100 alionse analipo. A mlingo waukulu, 87. Magazi anaundana m'mitsempha mwa 26 peresenti ya a mlingo waukulu, pomwe enawo inali 12 peresenti, ndipo chibayo ndi matenda ena olowa chifukwa cha kufooka kwa chitetezo anawagwira kwambiri. Komiti yoyang'anira chitetezo cha odwala itaona zimenezi, inaimitsa mlingo waukulu kafukufuku asanathe, onse n'kusamutsidwira ku waung'ono. Zili ngati kuthira feteleza wambiri pa phando: masamba abiriwira msanga, koma mbewu n'kupsa.

Chifukwa chake pa pepala lililonse la mankhwala, funsa kuti anayeza chiyani. Kutsika kwa puloteni ndi china. Nthawi imene matenda akhala osabwerera, PFS ija, ndi china. Kukhala ndi moyo, OS, ndi chinanso. Ulembe zitatuzi pamwamba pa kope lako m'mizere, ndipo pepala lililonse ulidzazire. Ine ndimaona kuti pepala limeneli likutikhudza ife kuposa ambiri a mankhwala odula, chifukwa dexamethasone ndiye amene amapezeka kawirikawiri m'mafamase athu, ndipo wodwala wa kuno ukamufooketsa chitetezo, TB ndi chibayo sizichedwa.

Lina loti usalilumphe ndi la mu 2014, mu Lancet Oncology momwemo, iye ali woyamba, m'malo mwa International Myeloma Working Group. Kale munthu ankatchedwa wodwala myeloma pokhapokha zizindikiro za CRAB zitaoneka: calcium wokwera, impso zowonongeka, magazi ochepa, mafupa odyeka. Kunali kudikira kuti chiwalo chiwonongeke kaye. Mu 2014 anawonjezera zinthu zitatu: maselo a plasma, amene khansayi imayambiramo, ofika 60 peresenti m'mafuta a m'mafupa, ratio ya free light chain, tizidutswa ta puloteni ija m'magazi, yofika 100, kapena mabala oposa limodzi pa MRI. Ukafika apa unene chilungamo, kuti mwa zitatuzi chimene chipatala cha kwathu chingayese mosavutirapo ndi mafuta a m'mafupa, ndipo odwala ambiri amatipeza CRAB itakwanira kale, ena atamwa mankhwala a TB ya msana kwa miyezi. Aphunzitsi ako adzakonda kumva kuti waganizira zimenezo.

Ulembenso Ghana m'bokosi lofufuzira lija. Pali pepala la mu 2007 mu Mayo Clinic Proceedings, woyamba Ola Landgren, Rajkumar ndi Kyle alimo. Anayeza amuna 917 a ku Accra a zaka 50 mpaka 74, n'kupeza MGUS mwa pafupifupi 6 peresenti, kuwirikiza kawiri azungu a ku Minnesota. Ndi limodzi mwa mapepala ochepa pa mndandanda wakewo onena za anthu okhala mu Africa muno.

Mapepala amene mankhwala atsopano sanapambane usawataye. Mu 2020 kafukufuku wa ENDURANCE, woyamba Shaji Kumar, Rajkumar womaliza, anayerekeza mankhwala atsopano a carfilzomib ndi bortezomib wakale uja amene analoledwa ku America mu 2003. Odwala anaposa 1,000. Matenda anakhala osabwerera kwa miyezi pafupifupi 34 mbali zonse ziwiri, koma carfilzomib anavutitsa kwambiri mtima, mapapo ndi impso. Uliike pambali pa la mu 2010, anzako aone okha kuti munthuyu amakonda kufunsa mafunso a mtundu wanji.

Pepala likakana kutseguka n'kumafuna ndalama, usalipire. Yang'ana kaye ngati palembedwa Free PMC article. Ngati palibe, pita kwa a laibulale akupatse njira yolowera Hinari ya Research4Life, pulogalamu yotsegulira mayiko osauka mapepala a zachipatala, Malawi ali m'gulu la mayiko olowa ulere. Ukalitsegula tsika mpaka pansi pomwe amalemba amene anapereka ndalama za kafukufuku ndi makampani amene olembawo amagwira nawo ntchito. Tilembo take ndi tating'ono, koma uwerenge, ndipo uikepo mzere umodzi pa slide. Ma review ake a mu American Journal of Hematology, amene amawakonzanso pakapita kanthawi, utenge latsopano lokha, chifukwa akale ena analembedwa mankhwala atsopano a daratumumab asanaloledwe mu 2015.

Pa mphindi 15 zimene wapatsidwa, mapepala asanu akwana. Theka la nthawi ulithere pa E4A03, ndipo tebulo lake la imfa ndi zovuta za mankhwala ulijambule wekha, manambala akuluakulu oti wa kumbuyo awaone. Ukamaliza unditumizire ndione Lachinayi lisanafike. Upereke moni kwa mayi ako.