Makalata a Omvera: "Si inu mayi anga"

Tabweranso, omvera athu. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi amene apempha kuti tisawatchule dzina. Akuti:

"Papita zaka 2 chikwatiwire ndi bambo amene akazi awo anamwalira. Ndinawapeza ndi ana awiri, mtsikana amene pano ali ndi zaka 14 ndi mlongo wake wa zaka 5. Wamng'onoyu akalota zoopsa usiku amathamangira kwa ine. Koma mtsikanayu ndikangomudzudzula amati, 'Si inu mayi anga.' Mwezi watha pokonza m'nyumba ndinachotsa chithunzi cha malemu pakhoma, ndipo chichokereni tsikulo sandilankhula. Bambo ake amangoti tithane tokha. Ndikamulanga achibale amati ndine wankhanza, ndikamusiya amati sindimusamala. Nditani?"

Pepani mayi, mwapirira. Koma chithunzicho chibwerere pakhoma lero lomwe, ndipo mwanayo mumupepese. Inu mumachotsa fumbi, iye anaona ngati mukuchotsa mayi ake. Mtsikana wa msinkhu umenewu amakumbukira mawu a mayi ake, ngakhale kasekedwe kawo. Akayamba kukuzolowerani, mtima umamutsutsa ngati wawataya malemuwo, ndiye amadzitchinjiriza ndi mawu olasa aja. Mlongo wake anali wamng'ono kwambiri, n'chifukwa chake sakuvutika nanu. Tsiku lina mudzamufunse mtsikanayo kuti mayi ake ankakonda chiyani, kenaka mungomvetsera. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano bambo a anawa, ngati wailesi ili pafupi, kwezani. Zoti "thanani nokha" ine ndakana. Malamulo a pakhomo muziwanena ndinu, ana akumva, akazi anu ali pomwepo. Mwana akalakwa, chilango chichokere kwa inu mpaka mayiwa atazika mizu. Achibale oyankhulayankhula aja muwayankhenso ndinu. Munthu mwamusenzetsa ntchito yonse ya kholo, nanga bwanji mukumusiya pamoto yekha?

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, yochokera kwa bambo wina: "Ndinasiyana ndi mayi wa ana anga. Kodi ndiwakakamize anawa kuti akazi anga atsopano aziwatchula amayi?"

Ayi achimwene, mayi awo ali moyo. Chimene mungalamule ndi ulemu: moni, kuyankha bwino, kuthandiza ntchito. Dzinalo agwirizane okha ndi mayi owapezawo.

Timvereko kanyimbo kaye. Tikabwera, pali kalata ya mtsikana amene analeredwa ndi mayi omupeza, ndipo akufuna kuwathokoza pa wailesi.