Makalata anu: wolemba amene amakukumbutsani kwanu

Mwachoma bwanji omvera nonse, a ku Matero, Chawama, Kanyama, ndi inu amene mwapanikizana mu minibasi pa Great East Road. Sabata yatha ndinafunsa kuti ndi wolemba uti amene mukamawerenga mumaona ngati mwafika kwanu. Makalata abwera, ena papepala ena pa WhatsApp, tiyeni tione.

Yoyamba ndi ya atate ena a ku Chilenje, kwawo ku Katete, alemba ndi bolopeni papepala long'amba m'kope:

"Mwana wanga, ine wanga ndi Julius Chongo basi. Wailesi inali imodzi mudzi wonse, mabatire tinkayanika padzuwa kuti asatithere pakati pa Poceza m'Madzulo. Munthu mmodzi koma nkhalamba ndi iye, mkazi ndi iye, fisi ndi iye yemwe. Manje mdzukulu wanga akuti ameneyo sanali wolemba, anali wolankhula pa wailesi chabe. Tiweruzeni."

Atate, mlandu uwu ndi wosavuta, mdzukulu waluza. Pulogalamu ija inayenda kuyambira 1966 mpaka 1976 pa wailesi ya boma, zaka khumi munthu akupeka nkhani m'Chinyanja chokoma chija, ndiye wina aziti si wolemba? Ngati akufuna za papepala muuzeni kuti kuli buku la Fumbi Khoboo! ndipo a Ernst Wendland anatenga nkhani zina za pa wailesi zija nkuziika m'buku limodzi ndi Chingelezi chake. Za mabatire zo mwandiseketsa, ambuya anga ankachita kuwaluma kuti mphamvu ibwerere.

Yachiwiri ndi ya amayi, mphunzitsi wopuma wa ku Kabwata, kwawo ku Chadiza:

"Ine ndi Samuel Ntara, buku la Nthondo. Ndikaliwerenga ndimaona mudzi wa amalume anga, gowelo, nkhokwe, milandu ya pabwalo. Anzanga kutchalitchi amati uyo ndi wa ku Malawi, sakuwerengedwa. Komanso ndayenda mashopu a mtauni kufuna logulira adzukulu, mtsikana wa pakauntala anangondiyang'ana nkuti tili ndi mapasti pepa chabe."

Amayi, anzanuwo sananame, Ntara anali wa ku Malawi ndithu, Nthondo inatuluka mu 1933 ndipo analembanso Mbiri ya Achewa. Koma afunseni, mwezi wa Ogasiti ku Mkaika pa Kulamba, amene amabwera kwa Kalonga Gawa Undi ndi a ku Zambia okha? Amafika a ku Malawi, amafika a ku Mozambique, gule ndi yemweyo. Boda ya pa Mwami inabwera pambuyo, inapeza anthu akukwatirana kale uku ndi uku. Ndiye mudzi wa Nthondo ukafanana ndi wa amalume anu musadabwe. Za mashopu zija zimandiwawa ine ndemwe. Yesani anyamata oyala mabuku akale pansi cha ku City Market, mufukule ndithu musachite manyazi, nthawi zina pansi pa mabuku a masamu pamatuluka chinthu.

Iyi ndi meseji ya mnyamata wa ku Kalingalinga, ndiwerenga mmene walembera:

"Ankolo funso yanu yativuta ise obadwira mu Lusaka. Ine kumudzi ninapitako kamodzi pa maliro ndipo bananiseka Chinyanja changa. Manje kwathu ni kuti, nanga ndani analembako za komboni?"

Mphwanga, kwanu ndi ku Kalingalinga komweko, usalole munthu akuvute. Ndipo komboni yako ili m'buku. Namwali Serpell, wobadwira kuno mu 1980, anatulutsa The Old Drift mu 2019, mkati mwake muli Kalingalinga, mulinso Edward Mukuka Nkoloso uja ankafuna kutumiza anthu a ku Zambia kumwezi mu 1964. Koma ndikuchenjeze, bukulo ndi lonenepa, masamba opitirira 500, ine ndinaliyamba kawiri. Ngati ukufuna lopepukirako yamba ndi Patchwork la Ellen Banda-Aaku, nkhani ya kamtsikana ka mu Lusaka cha mu 1978.

Chimene chimandidandaulitsa nchakuti onsewa ndi m'Chingelezi. Ndi abwino inde, koma kondakita akamakangana ndi amayi a tomato pa nkhani ya chenji sakangana m'Chingelezi, ndipo Chinyanja chimene anakuseka nacho kumaliro chija, chosakaniza ndi Chibemba, ine sindinachipezebe m'buku la nkhani. Iwe wachilemba bwinobwino mu meseji iyi, mizere itatu, ndawerenga osapunthwa.

Nthawi yatsala pang'ono. Yomaliza ndi ya dalaivala wa basi ya ku Chipata, wangolemba kuti "Dominic Mulaisho, wa kwathu ku Luangwa, musamuiwale."

Sitingamuiwale achimwene. Anabadwira ku Feira, kumene lero timati Luangwa, The Tongue of the Dumb inatuluka mu 1971, ndipo kuyambira 1992 mpaka 1995 anali gavana wa Bank of Zambia, ndiye ambiri amene sanawerenge buku lake anayendako ndi siginecha yake m'thumba. Koma meseji iyi ndikhulupirira mwailemba basi itaima. Mukamabwerera mutigulireko nsomba youma pa Luangwa Bridge, ndalama mudzaipeza kuno ku situdiyo.