Sitima ya Olympia ndi maliro a m'bale wathu

Moni abale anga kulikonse kumene muli. Lero mtima wanga walemera, mundilole ndingolankhula.

Dzulo ndinaperekeza agogo amene ndimawasamalira kukaona Olympia, sitima yakale yankhondo ya America ija yaima pamtsinje wa Delaware kuno ku Philadelphia. Bwana wandidula maola awiri, akuti kukankha njinga ya wodwala panja si ntchito. Zandiwawa, koma si zimene zandigoneka m'maso.

Sitimayi ndi yachitsulo, yoyendera malasha, yotalika kupitirira mamita 100. Anaipangira ku San Francisco, inatsikira m'madzi mu 1892. M'mbali mwake sanaikemo zitsulo zochindikala ayi, ankafuna liwiro. Chitsulo cholimbacho anachiyala m'kati, chopendekeka ngati denga, kuphimba injini ndi zipolopolo, malasha n'kuwaunjika m'mbali kuti azitchinga. Pa 1 Meyi 1898 ndi imene inatsogolera, mkulu wa asilikali apamadzi George Dewey ali m'menemo, pamene anaphwasula sitima za Spain ku Manila Bay, ku Philippines. Dzina la Dewey lili paliponse. Ine ndinkaganiza za anyamata ankasonkheza moto pansi paja, thukuta kamukamu, ngati ifeyo a usiku.

Koma mverani izi. Mu 1921 anaituma ku Le Havre, ku France, kukatenga mtembo wa msilikali mmodzi wa America wa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, wosadziwika n'dzina lomwe. Bokosi linakanika kulowa m'kati, analimanga ndi zingwe pamwamba. Panyanja anakumana ndi namondwe, asilikali osachoka pambali pake usana ndi usiku mpaka kukafika ku Washington pa 9 Novembala.

Misozi inalengeza. Munthu wopanda dzina, sitima yathunthu kukamutenga! Ifeyo m'bale wathu anamwalira uja ali m'nyumba yachisoni sabata yachitatu, dzina tikulidziwa, mudzi tikuudziwa, mayi ake akudikira kumpoto uko. Pagulu la WhatsApp anthu zii. Abale, sitinabwere kuno kudzagula nsapato. Mawa ndi iweyo, mawa ndi ineyo. Tisonkhe kuti mtembo upite kumudzi: wa madola 20 ponya, wa 10 ponya, osamadikira kuti wina akuimbire. Ife Amalawi sitisiya maliro panjira, tinaleredwa choncho, ndipo ndimanyadira.

Nditaima pamwamba paja ndinamva fungo la madzi, ndinakumbuka Ilala ikufika pa Nkhata Bay, anthu akuthamangira kudoko ndi mitolo. Agogo aja anandigwira dzanja, akuti tiye kunyumba, kwazizira.