Zoo Lake: paki ya ku Johannesburg imene tsankho linalephera kutseka

[Kamera ili pamadzi. Atsekwe akudutsa m'mphepete.]

Moni nonse. Lero tili ku Zoo Lake, cha ku Parkview, kungowoloka msewu wa Jan Smuts kuchokera kumalo osungira nyama a Johannesburg Zoo. Polowa pano salipiritsa. Ndiye ngati muli ku Joni kuno koma Lamulungu mumangobindikira m'kachipinda poopa kuwononga marandi, vidiyoyi ndi yanu.

[Kamera iloze mitengo ikuluikulu.]

Taonani mitengoyi. Kalelo dera lonseli linali nkhalango yochita kubzala, yotchedwa Sachsenwald. Mitengo yake ankaifunira mizati yochirikizira m'migodi ya golide, migodi yomwe ija agogo athu ankapitako pa Wenela. Mu 1904 kampani ya Wernher, Beit and Co. inapereka malowa ku mzinda pokumbukira Hermann Eckstein, mmodzi wa akuluakulu a migodi, ndipo inaikapo lamulo lakuti munthu wa mtundu uliwonse azilowa. Lamuloli linagwira ntchito ngakhale m'zaka za apartheid. Kwina mabenchi analembedwa kuti ndi a azungu okha, koma pano wakuda ndi mzungu ankatha kuyala nsalu zawo pa kapinga mmodzi.

[Pa doko la mabwato.]

Chimene anthu ambiri amabwerera ndi ichi: mabwato obwereketsa. Awa ndiye mumalipira. Amakupatsani nkhafi ziwiri, mumakhala chofulatira kumene mukupita, ndipo wina aliyense woyamba kumene amazungulira pamodzimodzi ngati nkhuku yodulidwa mutu. Anzathu a ku Nkhotakota ndi ku Mangochi musaseke, kapalasidwe kake si ka bwato la kwathu. Pakati pa madzi pali kasupe wothovola madzi m'mwamba, anamangidwa mu 1937 pomwe mfumu George VI ya ku Britain inkavekedwa ufumu.

Madziwa si osambira ayi. Ofuna kusambira pali dziwe lake lomangidwa, lolipira, ndipo limatsegulidwa nyengo yotentha.

[Phokoso la mpira ukugunda pansi.]

Kuno ndi ku mabwalo a basketball. Loweruka masana pamadzaza anyamata, ndipo masewera ake si achibwana. Palinso makatungwe a ana, ndi njira yozungulira nyanjayi imene othamanga amaikonda m'mamawa. Kwa zaka zambiri pano pakhalanso pakuchitikira chikondwerero cha Jazz on the Lake, mwezi wa September.

[Banja likuwotcha nyama.]

Koma kwa ine, chokoma kwambiri ndi ichi. Makala, nyama, poto wa nsima wokulungidwa m'chitenje, ana akuthamangitsana. Mukamabwera musaiwale mkeka, chifukwa atsekwe aja sasankha pochitira chimbudzi. Komanso ndi akuba osachita manyazi: buledi mukamuika pansi n'kucheuka, wapita. Foni nayo muziisunga m'thumba, paja uno ndi mzinda waukulu.

Ndipo ngati mwabwera pakati pa November ndi February, muziyang'ana kumwamba. Mvula ya kuno imakonda kubwera masana ndi ziphaliwali. Mitambo ikangoyamba kuda, palasani kubwerera kumtunda, ngakhale nthawi imene mwalipira isanathe.