.gz, .xz kapena .zst: pulogalamu yanu muifinye ndi chiti?

Takulandirani. Mwamaliza kulemba pulogalamu, mukufuna kuiika pa intaneti kuti aliyense aitenge ulere pamodzi ndi code yake. Tsopano mafayilo mazanamazanawo muwalongedza bwanji?

PA SIKIRINI: pulogalamu-1.0.tar.gz

Onani dzinali, lili ndi michira iwiri. Tar safinya kanthu, amangosonkhanitsa mafayilo m'mtolo umodzi. Amene munaonapo fodya akumangidwa mukudziwa: kusanja masamba ndi ntchito ina, kupanikiza belo ndi jeke ndi ntchito inanso. Mchira wachiwiriwo ndiye jeke.

Jeke wakale ndi gzip, wa Jean-loup Gailly ndi Mark Adler, wa mu 1992. Safinya kwambiri, koma palibe kompyuta ya Linux kapena Mac imene ingamukane. Jeke wina, bzip2, tisatayepo nthawi: amachedwa kumasula, ndipo kernel.org, kumene kumachokera Linux, anasiya kutulutsa mafayilo atsopano a .bz2 kumapeto kwa 2013.

Amene anamulanda malo ndi xz. Uyu amafinya mpaka madzi kutuluka. Tengani code ya Linux ya masiku ano: ya .xz imachepa ndi mamegabaiti opitirira 50 poyerekeza ndi ya .gz. Kwa munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi, imeneyo ndi ndalama. Vuto lake, pofinyapo kompyuta imatuluka thukuta. Mukaika pa mlingo wapamwamba wa kafinyidwe, wa 9, xz amafuna memory pafupifupi mamegabaiti 670 pofinya, koma pomasula 65 okha.

Apa ndiye pagona nkhani. Inu mufinya kamodzi, mwina uku mukumwa tiyi. Otsitsa fayiloyo ndi omasula ndi anthu zikwizikwi. Ndiye musasankhe zokomera kompyuta yanu, sankhani zokomera iwowo.

N'chifukwa chake zstd wakopa anthu. Anamulemba Yann Collet, ndipo 1.0 inatuluka mu 2016 iye ali ku Facebook. Arch Linux, mtundu wina wa Linux, atachoka ku xz n'kusamukira kwa iye kumapeto kwa 2019, analengeza kuti mapaketi a mapulogalamu awo akula ndi 0.8 peresenti yokha, koma kumasula kwafulumira ndi pafupifupi 1300 peresenti. Kwa iwo n'zomveka, mapaketi amamasulidwa tsiku ndi tsiku. Koma code imene munthu atsitsa kamodzi pa chaka? Makina akale ena alibe zstd, ndipo munthu angathe kukakamira pakhomo asanaione n'komwe pulogalamu yanu.

Ine ndiye ndimati: ngati pulogalamu ndi yaing'ono, ikani .tar.gz basi, kusiyana kwa makilobaiti sikungagule ngakhale mandasi. Ikakhala yaikulu, onjezani .tar.xz pambali pake. Muli ndi anthu a Windows? Apatseni .zip, asavutike.

Wina afunsa za March 2024, pamene wolemba mapulogalamu wina, Andres Freund, anatulukira khomo lachinsinsi lolowera m'makompyuta a anthu mu pulogalamu ya xz 5.6.0 ndi 5.6.1. Zoona, zinachitika. Koma cholakwika sichinali kafinyidwe ka .xz. Kachidutswa koyambitsa chiwembucho kanabisidwa m'fayilo ya tar yogawidwa kwa anthu, pamene mu git, mosungira code ndi mbiri yake, munalibe. Choncho mtolo wanu uzichokera mu git mwachindunji, kuti wina athe kuumanganso n'kuyerekeza.

PA SIKIRINI: git archive, kenako sha256sum

Nambala yaitali imene yatuluka mu sha256sum, yotsimikizira kuti fayilo sinasinthidwe, muiike pafupi ndi fayiloyo, ndipo muisaine ndi kiyi yanu ya GPG, pulogalamu yosainira mafayilo.