Nsapato ya mamiliyoni: mukugula chikopa kapena dzina?

[Pa msika wa Kasungu m'mawa. Kumbuyo kukuoneka milu ya nsapato za kaunjika.]

Moni nonse amene mukutionera. Lero tili pa boma pano pa Kasungu, ndipo ndabwera ndi nsapato ziwiri. Iyi ndi ya alamu anga. Anaigula chaka chatha atangogulitsa fodya ku Chinkhoma, ndalama zikadali zotentha m'thumba. Wogulitsa anawalumbirira kuti ndi yeniyeni, ya ku Italy, dzina lalikulu lili pambali apa. Mvula ya Disembala itangoinyowetsa kawiri, taonani: pamwamba pakusupuka ngati njoka yofundula, kutsogoloku soli yayasama kukamwa. Alamu anga sanaivalenso. Zinandipweteka, chifukwa ndikudziwa mmene anavutikira kuyambira pa nazale mpaka pa chigafa.

Inayi ndi ya malemu atate anga aang'ono, omwe anali mphunzitsi ku Santhe. Inabwera kwa ine itasinthidwa soli kawiri, ine ndasinthitsanso kamodzi. Chikopa chake chikadali chofewa, chikadya polishi chimawala.

Nanga zenizeni zija, zomwe anthu kunja amalipira madola mazanamazana ngakhale masauzande, n'zoyenera mtengo wake?

Zilipo zina zomwe ndalama yake imapita ku ntchito ya manja. Ku London kuli sitolo ya John Lobb, komwe sakufunsa kuti umavala namba yanji. Amakuyeza phazi lililonse palokha, n'kusema chikombole cha mtengo chofanana ndi phazi lakolo, ndipo nsapato amaiumbira pa chikombolecho. Umadikira miyezi. Chikombolecho amachisunga, kuti ukadzafuna ina asadzakuyezenso. Ku Northampton, ku England komweko, kuli mafakitale monga Crockett & Jones, yomwe inayamba mu 1879, ndipo kasokedwe kawo amakatchula Goodyear welt. Ndikuonetseni pa ya atate angayi.

[Kamera iyandikire m'mphepete mwa nsapato.]

Mukukaona kalamba kachikopa aka kozungulira m'mbali? Kamasokeredwa kaye ku thupi la nsapato, kenako soli imasokeredwa pa kalambako. Soli ikatha, wosoka amangodula ulusi wakunjawu, n'kuchotsa yakaleyo, n'kusokerapo ina, thupi la nsapato osalikhudza. N'chifukwa chake nsapato imodzi imatha kukalamba ndi mwini wake. Ya alamu angayi mulibe ulusi ngakhale umodzi, ndi guluu yekha, ndipo timizere tooneka ngati ulusiti anangotidinda pa pulasitiki. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma musaganize kuti nsapato iliyonse yodula ili ngati ya John Lobb. Zambiri, mbali yaikulu ya mtengo wake ndi dzina. Christian Louboutin wa ku France anatchuka ndi gogoda zofiira kunsi. Kufiirako kunayamba pamene anatenga penti wa zikhadabo wa womuthandiza ntchito n'kupaka pa soli. Patapita zaka, anakokerana kukhoti ndi kampani ya ku Netherlands yomwe inkagulitsanso gogoda zofiira kunsi, ndipo mu 2018 khoti lalikulu la European Union linagamula momukomera. Taganizani, mlandu wonsewo unali wa mtundu wa penti. Ndipo pentiyo sachedwa kukalika. Mutayenda nayo kuchokera pa depoti kukafika ku msika kuno, timiyala ta mumsewu tikhala titayamba kale kumudya.

Mu 2022, kampani ya zovala zodula ya Balenciaga inatulutsa nsapato yansalu yong'ambidwa dala, yodetsedwa dala, yooneka ngati yotoledwa kudzala, pa mtengo wa madola 1,850. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2024 inali ndalama yopitirira K3 miliyoni. Apa palibe za kulimba. Wogulayo akufuna anzake adziwe kuti ali nazo zotaya.

Nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya mu 2018 ku America. Kampani ya nsapato zotchipa, Payless, inakonza sitolo yonyezimira n'kuipatsa dzina lomveka Chitaliyana, Palessi, n'kuitana anthu otchuka pa intaneti odziwa za mafashoni. Nsapato zomwe inkagulitsa pa madola 20 mpaka 40, ena analipira madola oposa 600, akuyamikira kuti ndi zapamwamba. Pambuyo pake anawabwezera ndalama zawo. Ngati anthu amene ntchito yawo ndi zovala anapusitsidwa ndi magetsi a m'sitolo ndi dzina, alamu anga sindingawaseke.

Za nsapato za Air Jordan zomwe katswiri wa basketball Michael Jordan anavala pa mafainolo a ligi ya ku America ya NBA mu 1998, zomwe kampani ya okushoni ya Sotheby's inagulitsa pa madola 2.2 miliyoni mu 2023, tisatayepo nthawi. Imeneyo si nsapato yovala, ndi mbiri yosungidwa m'galasi.

Tibwerere kwathu. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera. Ndiye munthu akakuonetsani Louboutin yatsopano m'bokosi pa mtengo wa mbuzi imodzi, mulimbe mtima, si yeniyeni. Ndipo ngakhale yeniyeniyo itafika, inapangidwira munthu wotsika m'galimoto n'kuponda kapeti. Ife timakwera kabaza, timadutsa m'fumbi la Okutobala ndi matope a Febuluwale. Kwa ine, kulipira dzina n'kutaya ndalama. Kulipira chikopa chabwino ndi ulusi weniweni, ngati thumba likulola popanda kukhudza ya feteleza ndi fizi ya ana, ndi nzeru. Sindikunyoza kutchena ayi. Munthu wakhetsa thukuta chaka chonse ayenera kuoneka bwino pa ukwati ndi ku tchalitchi. Chomwe chimandiwawa ndi kumuona akuberedwa.

Chosangalatsa n'choti nsapato zosokedwa bwino zija nthawi zina zimapezeka pansi pa milu iyi ya kaunjika, wogulitsa osadziwa n'komwe chomwe wanyamula. Mukaitola, musathamangire dzina. Itembenuzeni, mukande ulusi ndi chikhadabo: weniweni umamveka, ndipo mfundo zake sizifanana ndendende ngati zodinda. Dinikizani chikopa ndi chala, chenicheni chimachita timakwinya ting'onoting'ono n'kubwerera, pomwe pulasitiki imangobonyoka. Inunkhizeni, musachite manyazi. Pisani dzanja m'kati mumve ngati namonso muli chikopa, chifukwa ndi chimene chimamwa thukuta. Ming'alu yakuya pamwamba ilibe mankhwala, imeneyo isiyeni. Koma soli yakutha isakuopseni ngati kalamba kaja kali bwino.

Mukakayika, funsani wogulitsa akulolezeni kukaonetsa kwa osoka nsapato. Amenewa amang'amba nsapato tsiku ndi tsiku, amadziwa m'kati mwa dzina lililonse.

[Kamera itsatire mpaka pa benchi ya wosoka nsapato.]

Tafika. Bambo, mwaswera bwanji? Ndabwera nayonso ija ya aphunzitsi, chidendene chayamba kudyekera mbali imodzi. Tatiuzeni poti anthu akuonera, ilola kusinthidwa soli kachinayi?