Kandege kaja si anamapopa, ndipo zinsalu zija musazichotse

Zikomo a Mfumu, zikomo nonse. Amayi akumbuyoko, ndikumveka? Eya.

Za Lachitatu mwazimva. Kandege kangodutsa pamwamba pa minda ya mpunga kuno ku Dwangwa, ana kuthawa, ena akuti anamapopa afika, mnyamata wina mpaka kutulutsa legeni. Legeni, abale! Kameneka ndi droni, kamera youluka basi. Boma ndi a UNICEF anatsegula malo oyesera tindege timeneti ku Kasungu mu 2017, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunayamba sukulu yophunzitsa kutiulutsa. Ambiri outiulutsa ndi ana athu omwe.

Madzi a 2024 simunawaiwale, mmene mtsinje wa Dwangwa unalowera m'nyumba zathu. Anthu a kandegeka akuumba dera lino mu kompyuta, osati mapu afulati ayi, koma chinthu choti uchitembenuze n'kuona kuti apa m'pachitunda, apa m'potsika, apa gombe likugumuka. Akatero amadziwa kumene madzi angayambe kudzera.

Kandegeko kamayenda mizeremizere, kakujambula zithunzi mazanamazana, chilichonse chikubwereza malo ambiri a chinzake, magawo 7 kapena 8 mwa 10. Tatsinzinani diso limodzi muyese kulowetsa ulusi m'singano. Zikuvuta eti? Kompyuta nayonso imafuna kuuona mwala womwewo kuchokera mbali zingapo kuti idziwe pamene uli ndi msinkhu wake.

Koma kumwambako kamangoona madenga ndi masamba a mango. Kunsi kwa mlatho sikaonako, mphanga imene madzi akumba pansi pa gombe sikaiona. N'chifukwa chake anyamata aja ankazungulira wapansi ndi kamera, phazi limodzi kujambula, phazi lina kujambula. Sikuti ankasuzumira m'mabafa mwanu ayi.

Tsopano tcherani khutu. Zinsalu za mabanga akuda ndi oyera zimene akhomerera pansi zija, musazichotse. Pakati pa chilichonse anayezapo ndi GPS, kachipangizo kodziwira pamene malo ali penipeni, ndipo n'zimene zimathandiza kulumikiza zithunzi za kumwamba ndi za pansi. Ndamva kuti amayi ena anazula chimodzi n'kukayanikapo chinangwa cha kondowole. Sinditchula dzina, akudzidziwa, taonani akusekawo. Anachibwezadi, koma pamalo pena. Kumeneko ndiye kuononga kwenikweni, chifukwa kompyuta imakhulupirira chinsalucho, malo ozungulira n'kupotoka. Musazichotse, musazisunthe.

(Bambo wina: Kodi si njira yotilanda minda imeneyi?)

Bambo, mwafunsa bwino, ndipo ambiri ali nalo funsoli koma akuopa. Chithunzi sichidziwa mwini munda. Chimaona mzere wa nthochi, sichidziwa kuti anadzala ndi agogo anu posonyeza malire. Za malo athu a makolo zili ndi lamulo lake la 2016, ndipo zimadzera kwa mafumu ndi makomiti a za malo, anthu mutakhala pansi, anansi anu akuchitira umboni. Komabe sindikuti muzingogona ayi. Munthu akabwera ndi droni osadzera kwa a Mfumu, mufunseni watumidwa ndi ndani, chilolezo chake chili kuti, zithunzizo akupita nazo kuti. Akayamba chibwibwi, kanenani. Kufunsa ndi ufulu wanu, kugenda ndi mlandu. Ndiponso kakagwa, mapiko ake ozungulira aja amacheka, angavulaze mwana wanu yemwe.

Ndaona ena mwayamba kuyasamula, ndithamange. Tsiku lojambula a Mfumu adzalengeza. Ana atalikire pamene kakunyamukira. Mbuzi zimangidwe, zimatafuna zinsalu. Musatenthe tchire, utsi umaphimba zithunzi. Anyamata a kamera akagogoda aloleni azungulire nyumba, ngati simukufuna nenani mwaulemu. Ndipo zinsalu zija, ndabwerezanso, musazichotse mpaka eni ake adzazule okha.

A Mfumu, anga ndi omwewa.